Mmene ndidasandukira 'mkazi' ku Dar es Salaam

Amene mumandidziwa musadzidzimuke ndi mutu wa nkhaniyi, ndevu zanga zikadalipo. Chidachitika n'chakuti nditangotha sabata imodzi mumzinda wa Dar es Salaam m'chaka cha 2017, bambo wina wachikulire wovala mkanjo woyera adandiimika pakhomo pa nyumba yomwe ndidapezako chipinda, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, amvekere: "Wewe ni mkazi wa hapa?"

Ine mutu udaima. Ndidadzigwira kuchibwano, n'kuyang'ana buluku langa, kenaka ndidayankha mokwiya m'Chiswahili changa chothyokathyoka kuti ayi, ine ndine mwamuna. Amayi amene ankasankha mpunga pakhonde adaseka mpaka misozi, ndipo kamwana kena kadathamanga kukaitana anzake kuti adzaone Mnyasa. Kumeneko Mmalawi aliyense ndi Mnyasa, monga mmene ifenso kuno timangoti Mataifa.

Pambuyo pake ndi pamene adandimasulira kuti pa Chiswahili mkazi ndi munthu wokhala pamalo, wodziwika pamudzi, wosiyana ndi mgeni amene ndi mlendo wongodutsa. Bamboyo adali mjumbe, mkulu woyang'anira nyumba za m'kadera kathu, ndipo ankangofuna kudziwa ngati ndine wokhala kapena wodutsa. Tsiku limenelo ndidayankha molakwa, koma kunena zoona, ngakhale ndikadamva funsolo yankho lake ndidalibe. Zidanditengera zaka pafupifupi zitatu kuti ndilipeze.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu amene mukuwerengera tsambali mumsika wa Limbe, wa Tsoka ku Lilongwe kapena wa Mataifa ku Mzuzu, njira ya ku Dar mumaidziwa ngati ya kuchigayo. Mukadumpha mtsinje wa Songwe n'kulowa pa Kasumulu mumakankhira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi, kenaka Tukuyu, Uyole, Makambako, Iringa, mapiri oopsa a Kitonga, nyama za mu Mikumi, Morogoro, Chalinze, mwafika. Mumalowa mu Kariakoo, kugula zitenje, nsapato, mafoni ndi zipangizo za galimoto, kugona masiku awiri kuresitihausi, basi ulendo wobwerera. Wina wachita zimenezi zaka 10 koma sadziwa munthu ngakhale mmodzi kupatula amene amamugulitsa katundu. Palibe cholakwa pamenepo, geni ndi geni. Koma tsiku limene mudzaganize zokakhazikika kwa eni, inu amalonda ngakhalenso inu ana a sukulu amene mukulota zakunja, mudzaona kuti kugula katundu m'dziko ndi kukhala m'dzikomo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ine ndidapitako kukagwira ntchito ya ukalaliki pa kakampani kena kothandiza Amalawi kuombola katundu padoko, makamaka magalimoto ochokera ku Japan aja mumawaona akukwera pa Chiweta ndi nambala za IT. Ubale wathu ndi doko limeneli si wa lero. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, dziko lino lidatembenukira kumpoto, ndipo ndi mmene adabadwira malo a Malawi Cargo Centre ku Dar ndi ku Mbeya. Ngakhale dzina lakuti Kariakoo likutikhudza. Lidachokera ku Carrier Corps, gulu la anthu akuda onyamula katundu wa asilikali pankhondo ya 1914 mpaka 1918, ntchito yomweyo imene agogo athu zikwizikwi adagwira ndi dzina loti amtengatenga. Mukamasenza chibelo cha zitenje mumsewu wa Congo, dziwani kuti si inu oyamba kusenza katundu pamenepo.

Phunziro langa loyamba lidali la nthawi. Pofuna chipinda munthu umadzera kwa dalali, amene kuno tingati dobadoba wa nyumba. Wanga adandiuza pafoni kuti tikumane pa Magomeni Mapipa "saa tisa". Ine manambala ndidali nditaloweza bwino m'basi: tisa ndi 9. Ndidafika 9 koloko m'mawa nditatchena, ndidaima padzuwa la ku Dar lomwe limatentha ngati uli m'ng'anjo ya njerwa, thukuta kamukamu, mpaka 3 koloko masana mkulu uja akutulukira akumwetulira, osapepesa n'komwe. Nditayamba kumukalipira adandionetsa wotchi yake, amvekere wafika pa nthawi yake yeniyeni. Anzathuwa amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, monga amawerengera m'Baibulo. Imene ife timati 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba, choncho ola la 9 ndi 3 koloko masana. Wolakwa ndidali ine. Safunsa adadya phula.

Chipinda chidapezeka, koma lendi yake amafuna ya miyezi 6 nthawi imodzi, kuonjezapo ya mwezi umodzi ya dalali. Nyumbayo idali ya mamangidwe a Chiswahili: khonde kumaso, mpata wautali pakati, zipinda zitatu uku zitatu uko, chipinda chilichonse banja lake, ndipo kuseri kuli bwalo la mpanda komwe onse amaphikira, kuchapa ndi kuyanika. Bafa limodzi, chimbudzi chimodzi. Pakhoma padali pepala la zamu, ndiye kuti ndandanda wa amene akolope kuchimbudzi ndi kusesa pabwalo tsiku limenelo. Magetsi ndi ogula mayunitsi, iwo amati LUKU, mita imodzi nyumba yonse, ndipo mkangano waukulu wa mwezi uliwonse udali wakuti ndani ali ndi ayironi kapena kaketulo kobisa pansi pa bedi. Amene mudakhalapo m'nyumba za mdadada ku Ndirande kapena ku Mchesi mukuti zachilendo palibe. Zoonadi, kungoti kwanu umadziwa polankhula ndi pokhala chete, pamene kwa eni ngakhale kutsokomola umayamba waganiza.

Ndidapita ku Dar ndikudalira Chingerezi changa cha zaka ziwiri za ku yunivesite, poganiza kuti chitsekula khomo lililonse monga chimachitira kuno. Ha! Kumeneko ukayamba ndi Chingerezi pamsika, mtengo umakwera usadamalize chiganizo. Julius Nyerere adalimbikira kuti mitundu yoposa 120 ya m'dziko lake ikumane pa Chiswahili, ndipo mpaka lero m'nyumba ya malamulo, m'mapulaimale a boma, m'basi ndi m'banki anthu amalankhula chimenecho popanda manyazi. Mu Ogasiti 2019, ine ndili komweko, atsogoleri a SADC adakumana mumzindawo n'kuvomereza Chiswahili kukhala chimodzi mwa zilankhulo zogwirira ntchito m'bungweli. Inu ana a sukulu amene mumaseka mnzanu akaphonya Chingerezi, dziwani kuti mtunda wa tsiku limodzi kuchokera ku Karonga kuli mzinda wa anthu mamiliyoni komwe Chingerezi chanucho sichingakuchotsereni mtengo wa tomato.

Chovuta n'chakuti Chiswahili chimafanana ndi chathu, ndiye chimakunyengerera kuti wachidziwa. Nyama ndi nyama, mbuzi ndi mbuzi, moto ndi moto, odi ndi hodi. Ukayamba kudzimva, chimakugwetsa. Kondakitala wa daladala, minibasi ya kumeneko, akakuwa kuti "panda!" sakuti umenye munthu, akuti kwera. Kuuza ndi kugulitsa, kotero nditamuuza mnyamata wina wa pashopu kuti ndili ndi nkhani yoti ndimuuze, iye adafunsa mtengo wake. Wokazinga tchipisi atandiuza kuti ndilipire "buku mbili" ndidadabwa kuti mabuku alowapo bwanji, osadziwa kuti buku ndi ndalama ya 1,000 shillings. Ndipo tsiku lina nditaitanitsa mpunga kwa mayi wophika zakudya m'mbali mwa msewu, adandifunsa ngati ndabwera ndi khasu, chifukwa kwa iwo mpunga ndi wa kumunda, wopuntha ndi mchele, wophika ndi wali.

Koma mawu amene adandisinthira zinthu ndi awiri okha. Oyamba ndi "naomba", ndiye kuti ndikupempha. Kumeneko ngakhale ndalama ili m'manja mwako sunena kuti ndipatseni sopo, umati ndikupempha sopo. Achiwiri ndi "shikamoo", moni wopereka kwa wamkulu aliyense, iye n'kuyankha kuti "marahaba". Moni wa kumeneko ndi wautali: za m'mawa, za ntchito, za kunyumba, za chitionerane. Ukadumpha zonsezi n'kuthamangira chimene ukufuna, akuthandiza ndithu, koma mumtima akulemba kuti ndiwe wopanda mwambo. Chidandipweteka n'chakuti zonsezi agogo anga adandiphunzitsa kalekale kumudzi, ine n'kuzitaya m'tauni poyesa kuti ndiko kutsogola.

Miyezi itatu yoyamba ndidakhala ngati kamba m'chigoba. Kuweruka kuntchito, kukwera basi yabuluu ya mwendokasi yomwe idali itangoyamba kuyenda mu 2016, kutsika pa Magomeni, kugula tchipisi chokazingira kumodzi ndi mazira, kulowa m'chipinda, chitseko gwa! Kenaka foni m'manja, kucheza ndi a kumudzi pa WhatsApp mpaka tulo. Lamulungu ndinkapita kwa Amalawi anzanga ku Ilala kukadya nsima yeniyeni ya mitanda, chifukwa ugali wa kumeneko ndi wolimba woti ukagenda nawo galu akhoza kulira. Kumeneko timakhala tikudandaula: kutentha, udzudzu, nyemba zothira kokonati, madzi osefukira pa Jangwani amene amaimitsa mabasi mvula ikagwa, ndi anthu ake amene ati ndi okonda ndalama. Tikatero timabalalika, aliyense kukadzitsekera m'chigoba chake.

Adandisokolotsa ndi mayi eni nyumba, mayi wamasiye wa zaka za m'ma 60 amene ankagulitsa vitumbua, zitumbuwa za ufa wa mpunga, pakhonde m'mawa uliwonse. Tsiku lina madzulo ndikulowa adanditchinga pampata paja, amvekere: "Mwanangu, chipinda ndidakubwereka n'chogonamo. Kukhala timakhala panja. Ukadzafera m'katimo tidzadziwa ndi fungo, ndipo ine sindifuna apolisi pakhomo panga." Adanena akuseka, koma mawuwo adandilasa. Mawa lake adandigwira dzanja ngati mwana wa sukulu ya mkaka kupita nane kwa mjumbe uja kukandilembetsa m'kaundula, ndipo pobwera adandisiya pakhonde la nyumba yoyandikana nayo, pomwe madoda amakhala madzulo kumwa khofi.

Khofi wake ndi wowawa, wopanda shuga, wa m'tizikho ting'onoting'ono ngati zisoti za botolo, ndipo amatsitsira kashata, kamtedza kophika ndi shuga. Wogulitsa amayenda ndi ketulo yokhala pa kambaula ka makala. Funso loyamba limene adandifunsa madoda aja silidali la mtundu wanga kapena mpingo wanga. Amvekere: "Simba kapena Yanga?" Matimu awiriwa adabadwa m'zaka za m'ma 1930 ndipo onse likulu lawo lili m'dera la Kariakoo, Simba mumsewu wa Msimbazi, Yanga ku Jangwani. Simba imavala zofiira, mwakuti ngakhale ndalama yofiira ya 10,000 shillings anthu amaitcha msimbazi. Ine pokhala wa Bullets chibadwire ndidangoti zofiira ndi zofiira. Theka la khonde lidandikumbatira, theka lina lidandiuza kuti ndibwerere kwathu. Kuyambira tsiku limenelo ndidali ndi adani ocheza nawo, ndipo munthu ukapeza okunyoza mwachibale ndiye kuti wayamba kufika. Mwayi wanga, Simba idatenga ligi zaka zonse zomwe ndidatsala kumeneko, kotero pakhondepo ndinkayenda chifuwa chili patsogolo.

Tsiku limodzi lokha ndidatsala pang'ono kuononga zonse. Mkulu wina adatchula nyanja yathu kuti Nyasa, n'kunena kuti malire ali pakati pa madzi. Ine magazi adawira. Ndidaimirira n'kuyamba kulalika za pangano la Heligoland la 1890 lomwe Angerezi ndi Majeremani adalemba kuti malire ali m'gombe la kuvuma, za mkangano umene udabukanso mu 2012 nkhani ya mafuta itamveka, za a Chissano, a Mbeki ndi a Mogae amene adayesa kuyanjanitsa maiko awiriwa. Ndidalankhula ngati loya. Nditamaliza padali zii. Kenaka mjumbe adandithirira khofi wina, amvekere: "Mnyasa, khala pansi. Iwe ndi ine tilibe ngakhale bwato." Onse adaseka, ine ndidaseka nawo. Maganizo anga pa za nyanjayi sadasinthe mpaka lero, koma ndidaphunzira kuti mlendo akapambana mtsutso pakhonde la eni, mawa amamwa khofi yekha.

Tsono mayeso enieni adabwera ndi kakhadi. Mnyamata wa chipinda choyang'anana ndi changa, wokonza mafiriji, adandipatsa khadi lokongola la ukwati wa mlongo wake, mtsikana amene ndidali ndisadamuonepo. Ndidathokoza poyesa ndaitanidwa. Ayi, lidali khadi la mchango, ndiye kuti msonkhamsonkha. Kumeneko perekaniperekani amachitika ukwati usadafike: komiti imakhala pansi miyezi ingapo, aliyense amalonjeza ndalama, dzina limalembedwa, ndipo khadi lolowera kuholo limapita kwa okhawo amene adasonkha. Nditawafunsa Amalawi anzanga Lamulungu, mmodzi wa iwo amene adali atakhalako zaka zisanu adandiseka, amvekere: "Achimwene, mudabwera kudzasaka ndalama kapena kudzakwatitsa ana a eni? Ine chibwerere sindidaperekepo ngakhale 100." Mawu ake adali omveka. Malipiro anga adali ochepa, kumudzi amayembekeza fizi ya mng'ono wanga ndi feteleza. Komabe ndidapereka, monyinyirika, ndipo ndidavina ukwatiwo mpaka usiku pakati pa anthu osawadziwa amene ankangonditcha shemeji, ndiye kuti alamu.

Khadi lija lidatsekula njira ya makhadi ena, osanama, thumba lidalira. Kudabweranso kope la maliro lomwe limayenda khomo ndi khomo munthu akamwalira m'dera. Ambiri mwa aneba anga adali Asilamu, ndipo maliro awo sagonetsa. Tsiku lina bambo wa nyumba yachitatu atamwalira m'mawa, masana ndidapezeka ndili mumsewu pakati pa amuna, chithatha chikuyenda paphewa ndi paphewa, aliyense kunyamulako mapazi angapo n'kupatsira mnzake, ngakhale odutsa ndi njira kuima kuti agwireko. Ine mwana wa Mkhristu ndidazengereza, koma wokonza mafiriji uja adandikankhira kutsogolo, ndidaikapo phewa langa. M'mwezi wa Ramadhani mbale ya chinangwa chophika ndi kokonati inkafika pakhomo panga dzuwa likalowa, ngakhale ankadziwa kuti sindidasale. Mayi eni nyumba adandinong'oneza kuti mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Kuyambira pamenepo wamalonda aliyense wodziwana naye akamabwera kuchokera kumudzi ndinkamutuma mtedza, tiyi wa ku Thyolo ndi tsabola wa m'botolo uja, ndipo tsabolayo adandipangira mbiri msewu wonse.

Mu Meyi 2019 mumzinda wa Dar mudagwa matenda a dengue. Amafala ndi udzudzu wamawangamawanga oyera umene umaluma masana, ndipo umaswana m'madzi oyera odikha m'matayala, m'zidebe ndi m'zitini. Ine adandigwira Lachisanu usiku. Thupi lidatentha, mutu unkawawa kuseri kwa maso, mafupa ngati wina akuwaphwanya ndi hamala. Ndidayesa malungo wamba, ndidati ndipita kuchipatala kukacha. Kutacha ndidalephera ngakhale kufika pachitseko. Foni idali itazima, ndipo Loweruka kuntchito sankandiyembekeza.

Loweruka limenelo lidali tsiku langa la zamu. Mayi wa chipinda chakumapeto ataona kuti 8 koloko yakwana kuchimbudzi sikudakolopedwe, adadabwa chifukwa Mnyasa sadumphitsa. Mayi eni nyumba nawo adati sindidawapatse shikamoo. Adagogoda, zii. Wokonza mafiriji adathyola loko. Zimene zidatsatira ndidachita kumva: adandinyamula anthu anayi, mnyamata wa bajaji amene ndidavina naye ukwati uja adakana kulandira ndalama, mjumbe adatsogola kukalankhula ndi a chipatala, ndipo poti kuyezetsa dengue kudali kodula, kope lidayenda pakhonde la khofi, a Yanga omwe adasonkha. Malungo sadapezeke. Adokotala adati matendawa alibe mankhwala akeake, kofunika ndi kupuma, kumwa madzi ambiri ndi panado, ndipo adaletsa asipirini chifukwa amatha kuyambitsa kutaya magazi. Ndikadakhala ndekha ndikadamwa asipirini yemweyo, poti ndi amene adali pawindo.

Ndidagona masiku 10. Amayi a m'nyumbamo adagawana masiku ondiphikira phala ndi msuzi, pepala lake adalimata pambali pa la zamu lija. Aliyense wolowa amayamba ndi "pole", mawu ofanana ndi pepani wathu, amene amanena kwa wodwala, wotopa, ngakhale wopunthwa. Mayi anga ataimba foni kuchokera kumudzi akulira, mayi eni nyumba adalanda foniyo. Wina Chichewa, wina Chiswahili, sindidziwa adamvana bwanji, koma adacheza mphindi zambiri ndithu, ndipo pomaliza mayi anga adangoti: "Mwana wanga, kumeneko uli ndi mayi."

Mnzanga uja wa zaka zisanu zosasonkha, chaka chomwecho akuba adathyola chipinda chake dzuwa likuswa mtengo n'kusesa katundu yense wa makasitomala amene ankasunga. M'nyumba modzaza anthu, palibe adaona kanthu. Atapita kwa mjumbe wa dera lake kuti amulembere kalata yopita nayo kupolisi, mkuluyo adamufunsa kuti kodi inu mumakhala kuti, chifukwa sindikudziwani. Sindikunena kuti aneba ake adachita bwino, ndipo sindikumuseka, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Iye adawerengera bwino ndalama zonse zimene adapulumutsa pokana makhadi, koma tsiku limenelo adapeza kuti m'zaka zisanu adali asadakhaleko ku Dar. Adangogonako.

Pali chinthu chimodzi chimene aneba, ngakhale akukonde chotani, sangakuchitire: mapepala. Mmalawi amalowa m'Tanzania popanda viza ngati mlendo wocheza, koma chidindo cha pachipata si chilolezo chogwira ntchito kapena kutsekula bizinesi. Anyamata ambiri a kwathu amene ndidawapeza akugwira ntchito za m'nyumba ndi m'maluwa ku Mikocheni ndi ku Masaki adalibe zilolezo, ndipo munthu wotero bwana akamumana malipiro alibe kokadandaula, akamva galimoto yaima pageti mtima uli m'mwamba. Malamulo nawo amasintha. Mu Julaye 2025 boma la Tanzania lidalengeza mitundu 15 ya mabizinesi oletsedwa kwa anthu akunja, monga timashopu ting'onoting'ono, masaluni, kukonza mafoni ndi kutumiza ndalama pafoni. Miyezi itatu m'mbuyo mwake, mu Epulo, maboma athu awiri adatsekerana malonda a zokolola, katundu n'kuonongeka pa Songwe mpaka adagwirizananso kumayambiriro a Meyi. Musadanyamuke funsani za malamulo a tsiku limenelo, osati a chaka chatha.

Tsono amangwetu, nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe siinditsekemera. Nditabwerera kumudzi kumapeto a 2019 ndidayamba kuona anthu amene kale maso anga ankangowadumpha: mayi wa ku Mbeya wogulitsa zitenje mumsika, mnyamata wa ku Burundi wa kaokala pakona, wa ku Congo wometa tsitsi. Timagula kwa iwo tsiku ndi tsiku, timakongola shuga ndi mafuta mwezi ukafika pakati, koma ndi angati mwa ife adawaitanirapo ku chinkhoswe kapena kukawapepesa maliro? Mu Meyi 2023 apolisi atayamba kugwira othawa kwawo m'matauni, kuwasunga ku Maula n'kukawatula ku Dzaleka, ena mwa iwo atakhala pakati pathu zaka zambirimbiri, ana awo obadwira konkuno olankhula Chichewa kuposa ine, ambiri tidangoonerera, ndipo ena adapumira m'mwamba kuti ngongole yafa. Za malamulo a othawa kwawo akambe odziwa malamulo. Ine funso langa ndi la pakhonde: akadakhala kuti aneba anga a ku Magomeni adali ndi mtima ngati wathuwu, loko wa chitseko changa akadathyola ndani? Timakonda kudzitcha mtima wofunda wa Africa. Kufundako kusamathere pa azungu odzaona nyanja.

Kwa inu amene chikwama chili kale pamutu, kaya ndi wa ku Dar, ku Joni, ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja zamchere, langizo langa ndi lotchipa. Konzani mapepala. Phunzirani moni wa eni ake musadaphunzire mitengo ya katundu. Amalawi anzanu muwafunefune ndithu, chibale ndi fupa sichiola, koma musathere Lamulungu lililonse kwa iwo, chifukwa tsiku la tsoka amene ali pafupi ndi wa chipinda chinacho. Ndipo pa bajeti yanu, pambali pa lendi ndi ya kumudzi, siyani kangachepe ka makhadi ndi makope a anthu osawadziwa. Kupatsa n'kuika.

Tsiku lonyamuka ndidapita kwa mjumbe kukatsanzika kuti andifufute m'kaundula. Adatsekula kope lake, adayang'ana dzina langa, n'kulitsekanso osafufuta. Amvekere: "Mnyasa, funso langa lija sudandiyankhe mpaka lero. Wewe ni mkazi wa hapa?" Ndidati eya bambo, ndine mkazi wa pano. Pakhonde padalibe adaseka.

Mwezi wathawu foni yanga idalira, nambala ya +255. Chithunzi cha khadi pa WhatsApp: mdzukulu wa mayi eni nyumba akukwatiwa, komiti yakhala kale pansi, ndipo dzina langa lili pa nambala 14, pakati pa wokonza mafiriji ndi wa bajaji. Ndalama ya Tanzania yakwera mtengo masiku ano, kwacha yathu mukuidziwa mmene ilili. Ndadandaula masiku awiri. Lachitatu ndatumiza.